Osenza Hotela ya pa Mponela

Kalisto Mbewe anali munthu wa sikelo. Kukacha ankaikoleka pa mtengo wa kesha m'mbali mwa msewu waukulu pa Mponela, n'kumadikira alimi a ku Bowe ndi ku Nachisaka obwera ndi soya pa njinga. Sikeloyo inali yokhulupirika kwa mwini wake yekha, koma ngakhale kubako sikunamutulutse m'nyumba ya lendi yodontha. Jekete anali nalo limodzi, la ku tchalitchi ndi ku maliro komwe.

Chimene chinkamudya mtima sinali njala. Anali magalimoto. Sabata iliyonse mabwana a ku Lilongwe ankadutsa pamaso pake popita ku misonkhano, ndipo ambiri ankakhotera ku loji ya Abrahamu, mnzake wa ku pulayimale amene ankalephera masamu.

"Abrahamu ameneyu ndinkamuonetsa mayankho ndine," Kalisto anauza mkazi wake Manesi. "Lero akundiimikira dzanja ali m'galimoto, galasi osatsitsa."

"Bambo a Peggy, idyani. Galasi la eni likukupwetekani pati?"

"Ndidzamanga hotela pakati pa tauni ino, yoti Abrahamu akafuna kuona denga lake chipewa chizigwa."

Manesi anaseka. Pa nkhani imeneyi sanadzasekenso.

Sing'anga amene anthu anamulozera ankakhala m'mapiri a ku Ntchisi, kupitirira pamene wa kabaza amati tsikani muyende. Kalisto ankayembekeza nkhalamba ya zikopa ndi mikanda. Anapeza bambo wa malaya oyera ositidwa bwino, ali pakhonde kusenda peyala, foni ili pa sola. Dzina lawo anali a Howard.

"Mwabwera ndi matenda kapena ndi mtima?" anafunsa a Howard.

"Ndi mtima, bambo. Ndikufuna hotela yosanjikizana."

"Ndalama si vuto. Ndikupatsani nsupa, ndipo chilichonse chimene mugule lero chizikwera mtengo mawa. Mukadzakumba maziko mudzaikwirire pansi pake. Vuto ndi katundu. Nyumba ya pansi imasenzedwa ndi dothi. Ya m'mwamba imafuna munthu."

"Munthu wotani?"

"Wa magazi anu. Nsanjika iliyonse ikhale ndi woisenza. Mukatape dothi pamene waponda, mukalithire mu konkire tsiku lothira silabu. Basi. Simugwira mpeni, simuona magazi."

"Ndiye munthuyo amatani?"

"Amasenza."

"Mpaka liti?"

"Khosi la munthu mukulidziwa inu."

Wina akanadzuka n'kuiwala ndi chipewa chomwe. Kalisto anakokera mpando pafupi, monga ankachitira mlimi akatchula mtengo.

"Mbuzi sizingatheke? Ndibweretsa zonenepa."

"Mbuzi mukamangire khola."

"Nanga aganyu? Pa chimango padzakhala anthu ambirimbiri."

"Amenewo ndi a eni ake. Muli ndi mwana?"

"Mmodzi, Peggy. Koma ameneyo musamutchule. Ndiponso si wanga, ndi wa kwa amake. Ine kumeneko ndine mkamwini chabe. Anga enieni ndi mbumba yanga, mlongo wanga Loveness ndi ana ake. Mwini wawo ndine, mwambo ukutero."

A Howard anamuyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Anthu amabwera pano n'kumalira. Inu mwabwera ngati mukugula nkhuku. Chabwino, muzisankha nokha, ine sindisankhira munthu. Koma simenti sidziwa mwambo, a Mbewe. Imadziwa phazi. Ndipo mukayamba musaime. Mvula ikadzapeza zitsulo za pamwamba zili zomwezo za chaka chatha, nyumba yonse idzatsikira pa khosi panu."

"Nanga ngati munthuyo wavala nsapato?"

"Dothi limadziwa amene waliponda."

Kalisto anatsika phiri akumwetulira. Mumtima ankati wagula motchipa.

Nsupa inagwira ntchito. Soya amene anagula pokolola anakwera mtengo ngati wapenga. Anagula mtedza, mtedza unasowa. Posakhalitsa anagula malo pakati penipeni pa tauni, n'kuitanitsa mayi wojambula mapulani ku Lilongwe, a Vanessa.

"Pa Mponela pano nsanjika zitatu zakwana," anatero a Vanessa atayendera malowo.

"Zitatu n'za golosale. Jambulani khumi ndi ziwiri. Mbali ya kumsewu magalasi okhaokha. Chikepe chikhale choonekera kunja, kuti wokwera aziona loji ya Abrahamu ikuchepa. Pamwamba penipeni dziwe losambiramo."

"Madzi ake muwatenga kuti? Mipopi kuno imauma."

"Inu jambulani dziwe."

Anajambula, ndipo chithunzicho chinapachikidwa pa chikwangwani chachikulu: Hotela ya Peggy. Mwana mwini dzinayo anamutumiza ku Lilongwe kukaphunzira za mahotela. Kalisto anali katswiri wa masamu, koma samu imodzi anailumpha. Pulaniyo inali ndi nsanjika zambiri kuposa anthu a m'mbumba yake.

Vuto lina linali la mapazi. Pabwalo la kwawo ku Msakambewa pankaponda aliyense, ana, alendo, nkhumba. Kalisto anapeza nzeru. Ankagula nsapato zatsopano, n'kudula kachidutswa ku chidendene ndi lezala, n'kukapereka ngati mphatso. M'mawa mwake ankangoyenda pabwalo manja ali kumbuyo, kufunafuna chidindo chake.

Oyamba kulandira anali atsibweni ake, a Mose, nkhalamba imene inkadwaladwala kale. Kalisto anadziuza kuti sakuba kanthu, wangofulumizitsa. Silabu yoyamba itathiridwa, a Mose anayamba kudandaula khosi. Kenako anayamba kuyenda chowerama, manja ali m'mwamba ngati akuchirikiza mtolo umene wina aliyense sankauona. Ku chipatala anawajambula osapeza kanthu. Atamwalira, adzukulu ananyamula bokosi mosinthanasinthana, thukuta lili kamukamu, n'kumafunsana ngati mwalowa njerwa.

Chaka chotsatira nsapato zinapita kwa Maxwell, mwana woyamba wa Loveness, mnyamata wa mpira amene ankathamanga ngati galu wosaka. Ameneyo anapirira miyezi yambiri, ndipo Kalisto anayamikira chamumtima kuti katunduyu ndi wolimba. Maxwell atamwalira, nsapato zina zinapita kwa mng'ono wake Timothy. Pa maliro onse Kalisto ankagula bokosi la magalasi, n'kubwereka mahema, n'kulira mokweza kuposa amayi a chigwirizano.

"Achimwene, pakanapanda inu ana anga ndikanawaika m'mphasa," anatero Loveness atagwada pamaso pake.

"Ndi udindo wanga, mlongo wanga. Kodi iwe umavala saizi yanji?"

Hotela inkakwera. Anthu ankaima pamsewu kuiloza, ndipo Abrahamu anayamba kudzera njira ina. Koma amisiri sankakonda kudyera m'kati. Ankati masana dzuwa likakhala pamutu, zipilala zimachita thukuta, ndipo ukatsamira chimodzi umamva ngati wina akupuma mobanika. A Vanessa anabwera tsiku lina, anazungulira nyumba yonse akugogoda makoma, kenako anavula chipewa chawo cha pa ntchito.

"Bambo Mbewe, zitsulo mwachepetsa, simenti mwachepetsa. Nyumbayi inayenera kung'aluka kalekale, koma ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Sindikudziwa chimene chikuigwira, ndipo sindikufuna kudziwa. Mupeze wina."

Kunyumba nako Manesi anali atayamba kumuyang'ana m'mbali.

"Bambo a Peggy, bwanji aliyense amene mwamugulira nsapato sazing'amba?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Palibe. Koma ine ndi mwana wanga musadzatigulire. Tizigula tokha."

"Sindidzakugulirani," anatero Kalisto, ndipo apa yekha ankanena zoona.

Loveness anasenza nsanjika yachinayi. Anali atafooka kale ndi maliro a ana ake, koma anakakamira moyo mpaka mwezi wa Okutobala chaka chinacho, pamene mitambo inali itayamba kusonkhana ku mapiri a Dowa. Silabu yachisanu inayenera kuthiridwa mvula isanagwe, ndipo m'mbumba munatsala munthu mmodzi, Thoko, mwana wotsiriza wa Loveness, msinkhu umodzi ndi Peggy. Kalisto sanafune kuyenda kawiri. Anapita ku maliro a mlongo wake nsapato zili m'jumbo.

"Tenga, mwana wanga, usaike amako uli chosavala."

"Zikomo atsibweni," anatero Thoko, maso atatupa.

M'mawa wa tsiku loika maliro, Kalisto anatsikira ku mjigo. Pamatope panali chidindo chake, chooneka bwino kuposa masiku onse, chopita ndi chobwerera. Anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kutapa.

Tsiku lothira silabu Peggy anali pa chimango, atavala chipewa cha amisiri, akuwerenga zipinda zimene adzayang'anire. Makina osakaniza konkire ankalira, aganyu akuthamanga ndi mawilibala. Kalisto anakhuthula kajumbo kake m'makinamo monga mwa masiku onse. Dzuwa lisanapendeke silabu inatha, ndipo Peggy anabwera akudzisisita kumbuyo kwa khosi.

"Adadi, khosi langa likuchita ngati wina wanditwika thumba."

"Wagona molakwika."

"Ayi, ndi zidebe za pa maliro paja. Tinatunga madzi m'mawa wonse. Mwayi wake Thoko anandibwereka nsapato zija munamugulira, gogoda wanga akanandigwetsa m'matope."

"Thoko sanapite ku mjigo?"

"Adadi, inunso! Namfedwa amatunga madzi? Anakhala m'nyumba ya siwa osatuluka mpaka nthawi ya kumanda."

Mwana aliyense wa ku Msakambewa amadziwa zimenezi. Koma Kalisto anali atazolowera kukhala pa mpando wa mabwana pa maliro, ndipo mwambo umene ankaukumbukira unali wokhawo umene unamuthandiza kutsitsa mtengo.

Anakwera phiri la ku Ntchisi akuthamanga. A Howard anali pakhonde pomwe paja.

"Bambo, palakwika. Dothi lija ndi la mwana wanga."

"Si uja munati si wanu?"

"Musandiseke. Tisinthe. Thoko alipo, ndikubweretserani dothi lake lodzadza ndowa."

"Ameneyo ndi wa nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Yachisanu yapeza kale mwini."

"Tengani hotelayo. Tengani magalimoto, malo, zonse."

"Ndikaiika pati m'phiri muno? Ngati mukufuna, kachotsenimo dothilo."

"Lasakanikirana ndi konkire!"

"Ndiye mwadziyankha."

Kalisto anagwada. Aka kanali koyamba m'moyo wake kutchula mtengo wokwera kuposa wa wogulitsa.

"Tengani ine."

"Inu mukubwera, a Mbewe. Musathamange."

Atabwerera anathamangitsa amisiri onse, n'kukwera pamwamba ndi hamala yaikulu. Anaswa konkire mpaka manja anatuluka magazi, akununkhiza zidutswa, akufunafuna dothi lodzadza dzanja limodzi m'silabu yaikulu ngati bwalo la mpira wa manja. Nthawi yonseyi Peggy ankawerama. Anamutengera ku zipatala za ku Lilongwe, madokotala anajambula, anapukusa mitu. Anamwalira manja ali m'mwamba, akupempha amake kuti amutule.

Kumanda Manesi sanalire mofuula. Anayenda mpaka pamene panaima mwamuna wake, anthu onse akumva.

"Munalonjeza kuti simudzamugulira nsapato."

"Sindinamugulire! Zinali za Thoko!"

A kwaya anatseka mabuku. Kalisto anayang'ana uku ndi uku, n'kuzindikira mochedwa kuti podziteteza pa mlandu umodzi waulula inayi. Manesi anagwira Thoko pa dzanja. Thoko anavula nsapato zija n'kuzisiya pa mtumbira, ndipo awiriwo anachoka. Kumene anapita palibe anamuuza Kalisto.

Silabu ina sinathiridwenso. Mvula ya chaka chimenecho inapeza zitsulo zatsopano, n'kudutsa. Ya chaka chotsatira inapeza zomwezo, zitachita dzimbiri.

Mukadzadutsa pa Mponela mudzaiona Hotela ya Peggy, yopanda magalasi, yopanda chikepe, zitsulo zili tolotolo kuloza kumwamba. Pamene panayenera kukhala dziwe pamatera akhwangwala. Pansi pake ogula soya amakolekapo masikelo awo chifukwa pali mthunzi. Mudzaonanso munthu wa jekete long'ambika, nkhata ili pamutu popanda katundu, akuyenda chowerama mpaka chibwano kufuna kugunda mawondo, manja ali m'mwamba. Amaimitsa aliyense n'kufunsa kuti amutula pa mtengo wanji. Abrahamu akamuona amaima, n'kumupatsa buledi. Masiku ano galasi amatsitsa.

Dyera limauza munthu kuti iye ndi wochenjera kuposa onse amene anapita kuphiriko iye asanapite, ndi kuti wolipira adzakhala wina. N'zabodza. Chuma chokhwimira chilibe mtengo wotsika, ndipo sichifunsa kuti uyu ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Chimayamba ndi amene ukuganiza kuti ungathe kukhala popanda iwo, kenako chimatenga amene unkamumangira nyumbayo, pomaliza chimakusenzetsa iwe mwini. Ngati thumba lako likukwana nyumba ya pansi, manga ya pansi, ufolere, ugonemo ndi ana ako ali moyo.