Sabina ndi Galu Woopa Chingwe

Sabina anali ndi galu wake. Dzina lake linali Chiperoni. Anali wotuwa ngati nkhungu ya m'phiri la Mulanje. Sabina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti galu wake asafe.

Chaka chimenecho kunagwa chiwewe. Chiwewe ndi matenda oopsa, ana inu. Galu wachilendo musamamugwire. Akakulumani, uzani akulu msanga.

Mesenjala wa ku Boma anafika panjinga.

"Tamverani!" anafuula. "Galu aliyense amangidwe. Galu woyendayenda adzawomberedwa."

Chiperoni ankaopa chingwe. Ali kamwana anakodwa mu msampha wa waya. Chipsera chinali chikadali m'khosi.

Amalume ake a Sabina, a Pilato, anaweruka ku ntchito ya tiyi. Anatenga chingwe. Anatenganso ndodo.

"Galu amamva ndodo," anatero. "Iwe, gona apa!"

Ndodo inalira. Chiperoni anakuwa. Anathawira m'munda wa tiyi. Anabwerera mawa lake, mchira uli pansi.

"Musiye galuyo, Sabina mwanawe," anatero Anganga, agogo ake a Sabina. "Galu wamantha amaluma. Mano sadziwa mbale."

Pa chakudya Sabina anabisa matemba ake m'nsalu. Iye anadya chinangwa chokha.

Anayala chingwe pabwalo. Anaika temba kutali ndi chingwe. Kenako anakhala pansi, chete.

Chiperoni anayang'ana chingwe. Anayang'ana temba. Anabwera mozemba, nadya.

"Wakhoza, Chiperoni," anatero Sabina motsitsa mawu.

Mawa lake anaika temba pafupi ndi chingwe. Chiperoni anadya.

"Wakhoza, Chiperoni."

Tsiku lina anaika temba pamwamba pa chingwe. Chiperoni ananunkhiza chingwe. Chingwe sichinamulume. Anadya.

"Wakhoza, Chiperoni."

Anganga ankaona zonse ali pakhonde. Maso a Anganga sankaphonya kanthu.

"Iwe, ndiwo zako ukudyetsa galu? Uwonda ngati bango! Ndipo nkhope yako uziyiika kutali ndi kamwa lake. Wamva?"

"Ndamva, Anganga."

Kenako Sabina anayesa kumuveka chingwe m'khosi. Chiperoni analumpha. Anaonetsa mano. Anathawanso.

Sabina analira. Ntchito yonse ija inapita pachabe.

M'mawa anaona amalume ake akubereka dengu la tiyi. Malamba a dengu sanali m'khosi. Anali m'mapewa. Sabina anaima. Anaganiza.

Anapinda chingwe ngati malamba a dengu. Anayambanso poyambira pomwe. Chingwe pansi, temba. Chingwe pamsana, temba. Mwendo umodzi m'chingwe, temba.

Matemba ake anatha. Anganga anamuitanira kuseri kwa nkhokwe. Anamupatsa kamtolo ka mitu ya matemba.

"Usawauze amalume ako," anatero. "Ndipo zala uzizisamala."

Anthu a ku Boma anafika mosayembekezeka. Anali awiri. Wina ananyamula bokosi la mankhwala. Wina ananyamula mfuti.

Chiperoni anali pamsewu. Analibe chingwe.

Wamfuti uja anakweza mfuti. Sabina anafuna kuthamanga. Anganga anamugwira dzanja zolimba.

"Usathamange! Mfuti ilibe maso."

"Bambo, dikirani!" anafuula Sabina. "Ndi wanga!"

"Onse amatero," anayankha wamfuti. "Koma agaluwo akangoona chingwe amathawa."

"Mupatseni mpata mwanayo," anatero wa bokosi uja.

Sabina anagwada pomwepo. Ananyamula chingwe m'mwamba. M'manja analibe temba, ngakhale mutu umodzi.

"Chiperoni, bwera."

Chiperoni anayang'ana alendo. Anayang'ana munda wa tiyi. Munda unali pafupi.

"Chiperoni, bwera."

Galu anayenda pang'onopang'ono. Anafika. Anakweza mwendo yekha. Anaulowetsa m'chingwe.

"Wakhoza, Chiperoni," anatero Sabina. Misozi inali mbwee.

Mfuti inatsika.

Wa bokosi uja anali a Morton, othandiza dokotala wa ziweto. Anatulutsa jekeseni yoteteza ku chiwewe. Sabina anagwira mutu wa galu, namusisita. A Morton anabaya. Chiperoni sanalume.

"Wamuphunzitsa ndi chiyani?" anafunsa a Morton.

"Ndi matemba, bambo."

"Matemba? Osamumenya?"

"Ayi. Akakhoza, amadya. Akalakwa, timayambanso."

A Pilato anakanda mutu. "Galu ameneyu akudya bwino kuposa ine," anatero. Kenako anaponya ndodo ija pa nkhuni.

A Morton anatembenukira kwa Anganga.

"Mayi, Loweruka tikabaya agalu ku Likhubula. Agalu ambiri amaopa. Mungandibwereke mwanayu? Agalu odwala sadzawayandikira."

"Mwana wamkazi? Ntchito ya agalu?" anatero Anganga. "Amulume, mudzandipatsa wina?"

"Anganga, ndikufuna ntchito imeneyi," anatero Sabina. "Ndikufuna kusamala ziweto ndikadzakula."

"Ndiye asasiye sukulu," anatero a Morton. "Mankhwala amafuna munthu wodziwa kuwerenga."

Anganga sanapondeko kusukulu. Zambiri za m'dziko ankaziopa.

"Apita," anatero. "Koma inenso ndipita. Ndikamuyang'anira ndekha."

Loweruka ananyamuka m'mawa. Chiperoni anali patsogolo, m'chingwe chake. Anganga anali pambuyo.

"Uyende m'mbali mwa msewu! Pa mlatho usasuzumire! Galu wa thovu kukamwa umuthawe!"

"Ndamva, Anganga."

Ku Likhubula kunali agalu ambiri. Mnyamata wina ankakoka kagalu kakuda. Kagaluko kankanjenjemera. A Morton anakayang'ana bwinobwino, nagwedeza mutu.

"Sikakudwala aka," anatero. "Ndi mantha chabe."

Sabina anagwada chapatali. Anaika temba pansi. Anadikira.

Anganga anatsegula pakamwa kuti achenjeze. Kenako anatseka.

Kagalu kanabwera. Kanadya. Kanagwedeza mchira.

Mayi wina anafunsa, "Kodi mwana wodziwa agaluyu ndi wa ndani?"

Anganga anakonza mpango wawo. Anaima chilili.

"Ndi mdzukulu wanga ameneyo," anatero.