Mabawuti Asanu ndi Limodzi

Pa 9 Malichi 1921, nthawi ili 7:20 m'mawa, Insipekitala Mazeau adapeza mtembo wa Théophile Garnache, mmisiri wa ziboliboli, m'shedi yake ku Montparnasse, mumzinda wa Paris. Adamenyedwa ndi sipanala m'mutu. Pambali padaima chiboliboli chake chatsopano chotchedwa "Wovina", cholumikiza mapaipi ndi zitsulo zotayidwa m'mafakitale. Pachifuwa pake padali bowo.

Kupolisi Mazeau adayamba ndi kufunsa Loubet, wogulitsa zitsulo zakutha, amene adamveka akukangana ndi malemuyo.

"Ine ndimuphe, bwana? Munthu yekhayo m'Paris muno wogula dzimbiri n'kuthokoza? Timakangana za mahatchi ampikisano!"

"Pachifuwa pa chiboliboli padali chiyani?"

"Gudumu lamano. Lidachokera kufakitale ya nsalu ku Saint-Denis."

Mazeau adabwerera kushedi. Pansi pa benchi padali mabawuti asanu ndi limodzi omangira gudumu lija, opukutidwa, ondandalikidwa pakansanza, lililonse ndi nati yake. Wakuba sachita zimenezo. Amatero ndi makanika amene manja ake adazolowera, ngakhale mtima utasweka.

Kufakitale adamuuza kuti makanika wawo wamkulu, Anselme Roux, sadabwere kuntchito. Nthawi ya 3:15 masana adamupeza kunyumba, gudumu lili patebulo, lokulungidwa m'mpango wachitsikana.

"Khalani, bwana," adatero Roux. "Ndine. Gudumu ili lidakoka tsitsi la mwana wanga Odile n'kumupha chaka chatha. Ndidalithira mafuta ndine m'mawa umenewo. Kwathu kuno chitsulo chikapha munthu timachiponya mumtsinje. Eni fakitale adangochiika pasikelo n'kugulitsa."

"Mudalipeza bwanji?"

"Mnzanga adaliona pachionetsero cha ziboliboli Lamlungu. Ndidapita. Anthu ndi matambula a vinyo, kuseka, wina mpaka kulizunguza ndi chala. Lero m'mamawa ndidakalipempha kwa mmisiri uja, chipewa chili m'manja. Akuti, 'Madala, mwana wanu wasanduka luso, muzinyada.' Sipanala ndidatengera mabawuti, bwana. Mulungu akudziwa."

Mazeau adatulutsa unyolo. Roux adatambasula manja, maso ali patebulo.

"Tidzere pamlatho, bwana. Mphindi imodzi yokha."

"Sindingathe, Bambo Roux. Gudumuli ndi umboni. Liyenera kukaikidwa pamaso pa khoti."



"Ndiye kuti anthu akamuoneranso mwana wanga."

"Inde."

"Mukawauze asakalizunguze."