Dengu la pa Khonde la Nunzia

Aniello anakumana ndi Nunzia pa siteji ya basi ku Napoli, gitala ili kumsana, akung'ung'udza nyimbo yakale ija yomwe mwana aliyense wa mumzindawu amabadwa akuidziwa.

"Achimwene, mulibe ina?" anatero Nunzia akuseka. "Agogo anga anawafunsira ndi yomweyo."

"Ndiye anakana?"

Agogowo sanakane. Mdzukulu naye sanakane.

Chikondi chili m'chimake, Aniello anapeza ntchito yoimba m'sitima ya pamadzi. Asananyamuke anamuveka mphete Nunzia.

"Duwa langa, tsiku loti mawa ukwati wathu ndidzaima pansi pa khonde lako n'kukuimbira, msewu wonse umve."

"Ndidzakudikira, wanga iwe."

Zaka ziwiri anaiimba nyimboyo. Ku Japan, ku Argentina, anthu osamva ngakhale liwu limodzi ankaimba naye mpaka kugwetsa misozi. Iye m'maso mwake munali Nunzia yekha. Mameseji a Nunzia nawo sankadukiza: "Tasamuka nyumba, koma mtima wanga sunasamuke."

Ndani sakanakhulupirira mawu otere?

Aniello anabwerera ku Napoli osauza munthu, kuti akamudzidzimutse Nunzia. Atangotsika anakumana ndi Saverio, mnzake woimba naye kale.

"Aise, wafika bwino! Woimba wathu watupa pakhosi, ndipo pali mkwati akufuna tikaimbire mkwatibwi wake madzulo ano. Tiye!"

Aniello anavomera. Ankati akayeserere za tsiku lake, wosauka.

Msewu unali utadzaza anthu. Mkwati, maluwa ali m'manja, anamugwira paphewa. "Muimbe yakale ija, bwana. Mkwatibwi wangayu akaimva amalira, kaya chifukwa chiyani."

Aniello anayamba. Chitseko cha khonde la m'mwamba chinatseguka.

Nunzia!

Koma anthu onse anali atalandira kale nyimbo. Akanasiya bwanji? Anaimaliza misozi ili chuchuchu.

"Koma mnyamatayu amaimba ndi mtima wonse!" anakuwa mayi wina.

Nunzia analowa m'nyumba, n'kubwera ndi dengu la chingwe lomwe amakokera buledi m'mawa. Analitsitsa pang'onopang'ono, osayang'ana pansi.

"Za oimba izo, landirani," anatero mkwati.

Munali botolo la vinyo. Pansi pake panali kapepala kokulunga, ndipo m'kati mwake munali mphete ija.

Aniello anaifumbata mpaka chikhatho kuwawa. Mkwati anamukumbatira mosangalala.

"Mwandithandiza, bwana. Mawa mubwerenso, mudzatiimbire ku tchalitchi."