Anabwera ndi Nsalu Yoberekera

Gracian anatuluka m'shopu ya Tawonga ku Zingwangwa maminibasi atasiya kale kuyenda, a kabaza nawonso atapita kukagona. Maso anali psuu, makutu akuwawa ndi mahedifoni, msana utauma chifukwa cha mpando wapulasitiki uja wothyoka mwendo umene Tawonga amakana kuutaya.

"Aise, pita kunyumba," anatero Tawonga uku akukoka chitseko chachitsulo. "Madala akudwala, iwe uli pano kuthamangitsidwa ndi mizukwa ya pa TV. Mawa ukabwera ndikubweza pakhomo pomwe."

"Unateronso dzulo," anayankha Gracian, nkuyamba ulendo wa ku Chimwankhunda.

Masana shopu ya Tawonga imadzaza ndi okonda gemu ya mpira, phokoso lake ngati pa sitediyamu. Gracian analibe nazo ntchito zimenezo. Iye ankafika madzulo kuchokera ku ofesi ya m'tauni kumene ankakonza makompyuta, nkumasula tayi, nkupempha magemu oopsa okhaokha. Pa nkhani imeneyi anali katswiri wotopetsa anzake. Ukangomufunsa kuti gemu yoopsa kwambiri ndi iti, ndiye waputa mavu. Ankati gemu imene amakupatsa mfuti si yoopsa ayi, umenewo ndi ulenje chabe. Yoopsako ndi imene amakuponya m'sitima yomira uli ndi katochi kokha, batire likutha. Koma yoposa zonse, imene ngakhale iye ankayamba wapuma kaye asanaitsegule, inali ija ya chinthu chosathamanga. Chimangokutsata pang'onopang'ono, osafulumira, osatopa. Wotopa umakhala iweyo.

Anzake ankayesa kuti munthuyu amangokonda zoopsa. Zoona zake zinali zoti Gracian ankaopa kwawo.

Bambo ake, a Raphael, anagwa ndi sitiroko mvula ya chaka chatha ikuyamba. Mbali imodzi ya thupi inafa, mawu nawo anapita. Amayi ake, a Lines, anali okalamba, sakanatha kuwanyamula. Alongo ake awiri anali ku Joni, kumene ankatumiza mapemphero ataliatali pa foni. Choncho kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwasintha zogonera, kuwatembenuza pakati pa usiku kuti asachite zilonda, zonsezo zinali za Gracian, m'mawa nkukaonekeranso ku ofesi atachita kusita malaya. Amati mutu umodzi susenza denga, koma wake unasenza, ndipo khosi linali litatopa. Bambo akewo ankawakonda, zimenezo zisakayikitse munthu. Koma mantha a m'gemu ali ndi batani lozimitsira. A kunyumba analibe.

Sabata imeneyo a Raphael anali atasiya kudya. Amayi a mumphakati wa kutchalitchi anabwera kudzaimba, bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta. M'mawa wa tsikulo a Lines anamugwira mkono pakhomo.

"Lero ubwere msanga, mwanawe. Bambo ako amakufunafuna ndi maso."

Iye anavomera bwinobwino. Ataweruka, miyendo inamutengera kwa Tawonga.

Atadutsa pamsika anatulutsa foni m'thumba. Anali ataitseka mawu kuti isamusokoneze posewera. Pa sikirini panali dzina limodzi lokha, litandandalika kuyambira pamwamba mpaka pansi: Amayi, Amayi, Amayi... Anadina kuti awaimbire. Foni inaphethira kamodzi, nkuzima. Batire linali litatha.

Munthu wanzeru akanathamanga pomwepo. Gracian anayesa, koma sanapite patali. Thupi linali lolemera ngati thumba la simenti, ndipo mkati mwake munali kamtima kena kochititsa manyazi kamene kankati: ukafika mochedwa, mwina ukapeza zonse zatha, sukaona ndi maso ako. Anadzida chifukwa cha kamtimako, komabe anapitiriza kuyenda mokoka miyendo.

Magetsi anali atazima dera lonse. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili kobo ngakhale usiku, kutentha kukutuluka m'nthaka. Agalu ankauwa uku ndi uku, kulandizana. Anasiya msewu wa tala nkulowa njira yachidule yotsikira kukamlatho ka pa kamtsinje kamene nyengo ino kamakhala kouma, kodzaza mapepala ndi mabotolo.

Pamlathopo panaima munthu.

Gracian anaganiza za akuba, nkuyamba kuwerengera kuti awapatsa foni yakufayo basi. Koma munthuyo analibe chikwanje, analibe mnzake wobisala. Anali wosavala nsapato, atavala kabudula, paphewa atakoleka nsalu yopindapinda.

"Zikomo, achimwene," anatero. Mawu ake anali a mnyamata, kalankhulidwe ka kumalire, cha ku Mulanje uko. "Njira ya kwa Rafayelo ndi yomweyi?"

"Rafayelo uti?"

"Mng'ono wanga. Ndamva kuti miyendo yake yaleka kuyenda."

Ku Chimwankhunda a Raphael alipo ambiri, Gracian anadziuza choncho. Ndiponso mnyamata ngati ameneyu, mng'ono wake angakhale mwana wa sukulu. Anamulambalala, nkuwoloka mlatho, nkuyamba kukwera chitunda.

Munthu uja anamutsata.

Sankafulumira. Mapazi ake sankamveka konse. Chimene chinkamveka chinali china: tho... tho... tho... ngati mpopi wosatseka bwino. Kenako fungo linamupeza. Fungo la matope a mumtsinje wodzaza, la mvula ya Januwale. M'mwezi wouma chonchi!

Agalu analeka kuuwa. Onse, nthawi imodzi.

Gracian anawonjezera liwiro. Tho... tho... Anachepetsa. Tho... tho... Mtunda wa pakati pawo sunasinthe.

Kwa Tawonga ankaphunzitsa anzake kuti chinthu chikamakutsata usamacheuke, ukacheuka wataya nthawi. Malangizo abwino kwambiri, munthu utakhala pampando. Anacheuka.

Mwezi unali utangotuluka kuseri kwa phiri la Soche. Unamuonetsa zonse. Malaya a munthuyo anali atamatirira pathupi, madzi akuchucha kuchokera m'tsitsi, m'zigongono, m'mphepete mwa kabudula. M'makutu munali mchenga. M'fumbi la m'njira, kuyambira pamlatho, munali mapazi onyowa, akuda bii.

Ndipo nkhope... Mphuno imeneyo ankaidziwa. Chipumi chimenecho ankachipukuta ndi kansalu m'mawa uliwonse. Inali nkhope ya bambo ake, koma yosalala, yopanda imvi, ya mnyamata wosafika pokwatira.

Thupi lonse linachita tsembwe. Anafuna kukuwa.

"Ndiwe wake iwe," anatero mlendoyo, akumuyang'ana mofatsa. "Kayendedwe nkomweko. Kodi tsopano akulemera?"

Gracian anabwerera m'mbuyo pang'ono, koma mlendoyo anapitiriza.

"Kale anali wopepuka. Ndinamuwolotsa mtsinje wa Ruo ali kumsana kwanga, m'nsalu yomweyi, mfuti zikulira kumbuyo. Ndinamukhazika pamwala. Ndinati, khala pompano, ndikatenge amayi, ndibwera." Anapukusa mutu, madzi nkuwazika. "Wadikira nthawi yaitali mwana uja."

Anatsitsa nsalu ija paphewa nkuyamba kuifinya. Madzi anatuluka ambirimbiri, osatha, mpaka anayenderera m'njira nkufika pa nsapato za Gracian. Anali ozizira ngati a m'firiji.

"Wamusenza mokwanira iwe. Ndikukuona, watopa. Tsopano ndimubereke ine."

Mawu amenewo ndi amene anamuthyola Gracian. Chaka chonse ankalakalaka munthu woti amuuze zimenezo, mlongo kapena m'bale aliyense, woti angonena kuti pumula, ndagwirako ine. Lero womuuza anapezeka, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire. Mantha anatsala pang'ono kuiwalika. Misozi inangoyamba yokha.

"Chonde," anatero. "Lero sindinawaone. Ndinachoka m'mawa akugona. Chonde..."

Mlendoyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita pambali pa njira, nkukhala pa mulu wa njerwa za nyumba ina yosamalizidwa, nkuika nsalu ija pamaondo. Anapumira m'mwamba ngati munthu amene wayenda dziko lonse wapansi.

"Nanenso ndatopa. Ndipumeko pang'ono. Tsogola." Anaweramitsa mutu. "Koma ine sindikhalitsa."

Gracian anathamanga!

Kutopa konse kuja sanadziwe kumene kunapita. Anapunthwa pamwala, nkugwa, nkudzuka. Nsapato imodzi inatsala m'ngalande. Sanaitole. Anadutsa pa tchalitchi, pa mjigo, pa mpanda wa malata. Sanacheukenso. Chifuwa chinkapsa. Ababa, dikirani. Ababa, dikirani...

Pawindo la kwawo pankaoneka kuwala kwa kandulo. Anaima pageti nkutchera khutu. Kunalibe kulira. Anakankha chitseko.

A Lines anali atakhala pamkeka pafupi ndi bedi, korona yopempherera ili m'manja. Anakweza maso, nkuyang'ana mwana wawo, phazi limodzi lopanda nsapato, bondo likutuluka magazi. Sanakalipe. Mphamvu zokalipira zinali zitawathera kalekale.

"Wabwera," anatero basi.

A Raphael anali akupumabe, koma mpweya wake unkachita kukokedwa kuchokera kutali. Gracian anagwada, nkugwira dzanja lawo lamoyo lija.

"Ababa, ndine Gracian. Ndabwera. Pepani, ndachedwa."

Maso a mkuluyo anayendayenda kudenga, nkutsika, nkumupeza. Anakhazikika pa iye. Zala zinafinya dzanja lake, pang'ono chabe, koma anamva. Gracian anaika chipumi pa dzanjalo nkulira ngati mwana, amayi ake akumusisita kumsana.

Patapita kanthawi anadzutsa mutu. Ankadziwa kuti bambo ake anachokera ku Mozambique ali mwana, nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, nkukulira m'minda ya tiyi ku Mulanje kwa anthu achifundo. Kupitirira apo sankadziwa kanthu, chifukwa a Raphael nkhani imeneyo sankaifuna m'nyumba mwawo.

"Amayi," ananong'ona, "kodi ababa anali ndi mkulu wawo?"

Korona inaima m'zala za a Lines.

"Wakuuza ndani?"

"Ndakumana ndi munthu pamlatho. Mnyamata. Akuti anawawolotsa Ruo atawabereka."

A Lines anagwira pakamwa. Anayang'ana amuna awo, nkuyang'ana kuchitseko, ndipo poyankha mawu awo ankamveka movutikira.

"A Zuze. Bambo ako anandiuza kamodzi kokha, tisanakwatirane, ndipo anandiletsa kuuza ana. Anawasiya pamwala kutsidya kuno nkubwerera kukatenga amayi awo. Usiku umenewo mtsinje unadzaza. Bambo ako anakhala pamwalapo mpaka anthu anachita kuwachotsapo mowakoka, akukana, akuti achimwene anati ndisachoke." Anafinya korona ija. "Mtembo unapezeka kumunsi, utakodwa m'bango. Gracian, munthu ameneyo anamwalira bambo ako asanamere ndi ndevu zomwe. Papita zaka zoposa makumi asanu."

Lawi la kandulo linawerama, ngakhale kunalibe mphepo.

Kenako panja, pakhonde la simenti...

Tho... tho... tho...

"Odi kuno."

A Lines anatseka maso. Gracian anagwiritsa dzanja lija ndi manja onse awiri. Koma dzanjalo linadzisolola pang'onopang'ono, mwaulemu. A Raphael, amene sanatulutse liwu chigwereni, anatembenuzira mutu kuchitseko, nkhope yawo itawala.

"Lowani, achimwene," anatero momveka bwino. "Sindinachoke."

Ndipo anakweza manja onse awiri m'mwamba, ndi lakufa lomwe, monga amachitira mwana akafuna kuberekedwa.