Munthu Wonyowa pa Khoma la Amake Febby

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo mu komboni ya Lubuto, amake Febby anapeza khoma la kuchipinda kwawo litanyowa. Chinyontho chinayambira pansi pakona, chakuda, m'mbali mwake muli zoyera ngati mchere. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho.

Tsiku lachiwiri chinakwera kufika m'mawondo. Lachitatu chinamera mapewa ndi mutu, ngati munthu wogwada. Penti inatupa matuza, zovala zinayamba kununkha nkhungu. Amake Treasure, oyandikana nawo, ananong'ona kuti pamalopo kale panali chitsime, ndipo wina anagweramo.

Usiku ukakhwima, pansi pa simenti pankamveka tho... tho... kenako kubuula kwa mawu aakulu.

"Atate ake Febby, mwamva?"

"Ndi m'mimba mwanga. Gonani."

"Mimba yanu ili pakona? Mawa ndipita kwa akulu anga ku komboni ya Pamodzi. Mukhale nayo nyumba yanu ndi mlendo wanu."

A Samson, amuna awo, anakhala tsonga. Nyumbayo anaimanga okha, zaka zisanu ndi ziwiri, buloko ndi buloko, kuti mkazi wawo apume ku lendi. Anatenga tochi ndi piki. Amake Febby, poopa kutsala ndi wogwada uja, anawatsatira atagwira malaya awo kumbuyo.

Kuseri kwa nyumba kunali mdima wa ndiweyani. Masamba a nthochi ankakwecha khoma. Mwadzidzidzi phazi la amake Febby linamira m'matope ozizira, ndipo chinthu chachitali chinagwedezeka m'udzu.

"Mayo! Njoka!"

Tochi inaunika paipi ya pulasitiki ikulavula madzi patsinde pa nthochi, pamaziko penipeni.

"Paipi iyi ndi ya ndani?"

Inali ya amake Febby. Popeza madzi ankabwera usiku wokha, mpopi ankausiya wotsegula pogona kuti nthochi zawo zimwe.

"Koma simenti siimamwa madzi," anatero motsitsa mawu.

"Imamwa kuposa ine, amayi!"

A Samson anakumba mwamatama, akulalikira. Atafika pamzere wa maziko, ulaliki unatha.

"Nanga pepala lakuda lija mumayala pamaziko kuti chinyontho chisakwere lili kuti?" anafunsa amake Febby.

"Linaperewera pang'ono pakona ino."

"Linaperewera? Si lija munafolera khola la nkhuku?"

Asanayankhe, m'ming'alu ya maziko munatuluka chule wonenepa. Anawayang'ana onse awiri, natupitsa khosi, nabuula.

Amake Febby anaseka mpaka kukhala pansi m'matope, agalu a mu Lubuto onse n'kuyankha.

Kutacha anasamutsa nthochi, nakumba ngalande. A Samson anayamba kuchotsa mabuloko apakona, awiriawiri, kuti alowetse pepala lija, atalichotsa pakhola. Nkhuku zinagona zikuona nyenyezi. Sutikesi ya ulendo wa ku Pamodzi inabwerera pamwamba pa kabati.

Wogwada uja anatenga masabata atatu kuti achoke. Mutu ndiwo unayamba kuzimiririka, ndipo m'mawa uliwonse amake Febby ankamutsanzika ndi mawu aulemu a kumeneko: "Muyende bwino, mukwai."