Chithunzi Chachimbuuzi cha ku Chitala

Anakumana pa depoti ya ku Salima, m'minibasi yopita kunyanja imene inkakana kudzaza. Jenifer ankachokera ku Lilongwe kokagulitsa usipa wouma, atasanjikiza mabeseni ake opanda kanthu. Pambali pake panakhala Mose, mnyamata wokonza mainjini a maboti, zikhadabo zili bii ndi oilo.

"Achemwali, beseni lanuli likundiponda mwendo."

"Mwendo wanuwo ndi umene wabwera pamalo a beseni," Jenifer anayankha osamuyang'ana n'komwe.

"Ndiye ndilipepese?"

"Lipepeseni."

Mnyamatayo analipepesadi! Anawerama n'kulankhula ndi beseni mwaulemu ngati akupereka moni kwa apongozi. Jenifer anayesa kumeza phwete koma linamupulumuka. Pofika ku Senga Bay anali atapatsana kale manambala.

Kuyambira tsikulo foni ya Jenifer sinkapuma.

"Wadzuka bwanji, Jeni wanga? Injini ya mtima wanga yakana kulira m'mawa uno, ikuti imve kaye mawu ako."

"Iwe ndi pakamwa! Pita kuntchito, asodzi akudikira."

"Adikire. Nsomba zilipo zambiri m'nyanjamu, koma iwe ulipo mmodzi."

Mawu oterewa ena amati ndi achibwana, koma amene akuwalandira amawawerenga kawiri. Jenifer ankawawerenga katatu. Ndipo Mose analonjeza: "Sindidzakubisira kanthu, wapamtima. Zoipa zanga ndi zabwino zanga udzazimva kwa ine, osati kwa anthu."

Chaka chisanathe ankhoswe anali atakambirana. Tsiku la chinkhoswe linaikidwa, nsalu inasankhidwa, ndipo malume ake a Jenifer, a Yohane, amene anamulera bambo ake atamwalira, ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Kutatsala sabata imodzi, zinthu zinasokonekera.

Jenifer ankatembenuza usipa pathandala pamene a Yohane anatulukira, foni ili m'manja, nkhope ili gwa.

"Taona ichi. Undiuze ngati maso angawa akundinamiza."

Chinali chithunzi chimene wina anaponya pagulu la watsapu la kumpingo. Pansi pake analembapo kuti: "Uyu si mkamwini wa a Yohane? Anamanga kale chinkhoswe ku Chitala uyu!"

Chithunzicho chinali chachimbuuzi, nkhope zili ngati ukuziona kuseri kwa utsi. Koma mwamuna amene anakhala pampando wa mkwati uja, mutu atapendeketsa, dzanja lili pachifuwa, anali Mose. Pambali pake panali mkwatibwi, ndipo malaya a Mose anali a nsalu imodzi ndi diresi lake. Kumbuyo kwawo anapachika chinsalu choyera cholembedwa, koma zilembozo zinali zitasungunuka moti palibe akanawerenga.

Jenifer anachiyang'anitsitsa. Mose yemweyu? Wa malonjezo uja?

"Ine sindingapereke mwana wa mlongo wanga kwa mwamuna wa mwini," anatero a Yohane. "Loweruka kulibe chinkhoswe, pokhapokha ndione ndi maso angawa kuti izi ndi zabodza."

Jenifer anamutumizira Mose chithunzicho n'kumuimbira nthawi yomweyo.

"Ndani uyu?"

Ndiye Mose, mwa kupusa konse kumene mwamuna angachite padziko pano, anaseka! Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndine ndithu! Aa, chatulukira kuti chimenechi?"

"Mukuseka?"

"Jeni, tamvera. Chimenechi ndi chinkhoswe cha msuweni wanga Davie, kalekale tisanadziwane. Ukudziwa mmene amachitira, asanatulutse mkwati weniweni amayamba abweretsa ena atawafunditsa zitenje, kuti ankhoswe a kuchikazi avundukule n'kuwakana. Ine ndinali mmodzi wa abodzawo. Atandikana, ndinathamanga kukakhala pampando wa mkwati kuti anthu aseke. Basi!"

"Nanga malaya ofanana ndi a mkaziyo?"

"Tonse a pabanja tinasoketsa nsalu imodzi."

"Davie ali kuti? Ndimufunse."

"Ali ku Joni. Nambala anasintha, sitikumupeza."

"Mkazi wake?"

"Maggie anamutsatira komweko. Koma funsa amayi, akuuza."

"Amayi anu anganene kuti mwana wawo ndi wabodza? Mboni zanu zonse kaya zili ku Joni, kaya zinakuyamwitsani!"

"Wapamtima…"

"Musanditchulenso choncho. Munati zoipa zanu ndidzazimva kwa inu. Lero ndazimva kwa mpingo wonse."

Anadula foni, natsekeratu nambala ya Mose.

Masiku otsatirawo anali owawa. Kumsika wa nsomba amayi ankasiya kulankhula iye akamadutsa, kenako n'kuyambiranso akangowapitirira. Ena ankabwera ndi chisoni chonamizira, chija chofuna kuona ngati maso ako atupa. Ndipo anali atatupadi. Jenifer ankamukondabe Mose, ndipo chimenecho ndicho chinkamupweteka kwambiri.

Mose nayenso sanakhale pansi. Foni yake yakale inali itagwera m'nyanja ndi zithunzi zake zonse, choncho anapita ku Chitala kukapempha abale kuti afufuze chithunzicho m'mafoni mwawo. Mlongo wake anali nacho, koma anachita kujambula sikirini ya foni ya mnzake. Azakhali ake anali nacho, koma chinadutsa m'magulu osawerengeka. Chilichonse chimene ankapeza chinali choipa kuposa chinzake. Pa china Mose ankaoneka ngati alibe mphuno.

Ndi azakhali omwewo amene anakumbukira kuti wojambula tsiku limenelo anali mtsikana wa paboma, dzina lake Asiya.

Lachinayi m'mawa Mose anafika pathandala. Ndevu zinali zosameta, nthabwala zonse zitamuthera.

"Sindinabwere kudzakunyengerera," anatero. "Wojambula uja ndamupeza, ali ndi situdiyo pafupi ndi msika wa paboma. Sindinalowemo. Ndikalowa ndekha udzati ndakonza naye. Tiye limodzi, tikaone limodzi."

"Nanga akakhala kuti anachitaya?"

Mose anayang'ana pansi. "Ndiye kuti ndataya iwe chifukwa cha nthabwala."

A Yohane, amene ankamvetsera ali kuseri kwa matumba a usipa, anakonza kukhosi. "Nanenso ndipita nawo. Dikirani nditenge magalasi."

Situdiyo ya Asiya inali kachipinda kakang'ono kokhala ndi kompyuta imodzi ndi chinsalu cha maluwa kukhoma. Asiya anali mayi wanthabwala, wovala mpango wobiriwira kumutu. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anatenga foni ya a Yohane n'kuyang'ana chithunzicho.

"Mayo ine! Ntchito yanga aizunza chonchi?"

"Ndi chanu?" Jenifer anafunsa msanga.

"Kaimidwe ka kamera ndi kanga. Koma ichi chadutsa m'manja ambiri, achemwali. Chithunzi mukachitumiza wamba pafoni, chimapanikizidwa kuti chipepuke, ndipo zina zing'onozing'ono zimatayika. Wina akajambula sikirini, amadulanso m'mbali. Wina n'kuchiponya pa tsamba lake, wina n'kuchikopera pamenepo. Zimene zatayikazo sizibwereranso, ngakhale mutachipempherera."

"Nanga chenichenicho chilipo?" anafunsa a Yohane.

Asiya anaphethira pang'ono. "Bambo, ndisakunamizeni. Kompyuta imene ndinali nayo nthawi imeneyo inapsa. Zithunzi ndimasunga pa intaneti, koma poyamba ndinkalola kuti zizichepetsedwa kuti malo asadzaze msanga. Ndinadzasiya tsiku limene bambo wina anafuna kukulitsa chithunzi cha malemu mkazi wake, nkhope n'kutuluka timabokosi tokhatokha. Analira pomwe mwakhala inupo. Kuchokera apo ndimasunga chilichonse chathunthu, mmene chatulukira mu kamera, ndipo ndimasunga malo awiri. Chinkhoswe chimenechi sindikukumbuka ngati chinali ndisanasinthe kapena nditasintha."

Jenifer anayang'ana kompyutayo. Ndiye kuti moyo wake wonse wakolowekedwa pa zimenezi?

Asiya analemba dzina la Chitala pakompyuta. Panatuluka maukwati, ubatizo, mpira wa sukulu. Anatsika pansi, natsikabe.

"Apo!" Mose anakuwa. "Nsalu ija ndi iyo!"

Asiya anadina. Kampira kanayamba kuzungulira pasikirini, chifukwa netiweki ya masana paboma imayenda ngati ikudwala. Kanazungulira, n'kuima, n'kuyambanso.

"Inshallah, Mulungu akalola," ananong'ona Asiya.

A Yohane anapukuta magalasi awo amene anali oyera kale. Mose anatseka maso. Jenifer anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Kenako chithunzi chinatseguka, chowala ngati chajambulidwa dzulo.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike, ndi chathunthu," anatero Asiya. "Bwerani pafupi."

Chinali chachikulu kuposa chija cha pafoni. Kumanzere, kumene anthu anadula, kunaima mkwati weniweni, mnyamata wa jekete ndi duwa pachifuwa, atagwira m'mimba ndi kuseka. Kumanja kunali mayi wonenepa atatambasula dzanja kuti akoke khutu la Mose. Chitenje chimene anamufunditsa chinali chikali kulendewera paphewa pake. Ana, azibambo, ngakhale woimba ng'oma, onse anavala nsalu yomweyo.

Asiya anakulitsa chinsalu choyera chakumbuyo chija. Zilembo zinakula osasungunuka. A Yohane anayandikitsa nkhope n'kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, ngati akuwerenga vesi kutchalitchi.

"Chinkhoswe cha Davie ndi Maggie."

Anawerenganso kachiwiri. Kenako anapumira m'mwamba n'kukhala pansi.

Jenifer anafuna kuseka koma misozi ndi imene inatsogola. Zimene zinamutsamira pachifuwa sabata yonseyo zinachoka nthawi imodzi. Sanali mwamuna wa mwini! Anali chitsiru chake chomwe chija, chokonda kuseketsa anthu.

"Mose," anatero, "ndikhululukire. Unandiuza zoona, ine osakukhulupirira."

"Ayi, Jeni. Iwe unkalira, ine n'kuseka. Chiseko chimene chija chandiluma masiku onsewa."

"Ndinkaopa. Ndinkakukonda kwambiri moti ndinkaopa."

"Panopa?"

"Panopa ndikungofuna kukukoka khutu ngati mayi awa."

"Ndi azakhali amenewo. Anakoka ndithu, mpaka lero limawawa kukazizira."

Asiya anaseka mpaka kugwira mpango wake. "Bambo, ndikutumizireni chimenechi kuti mukatseke pakamwa anthu a pagulu lanu. Koma ndichitumiza ngati dokyumenti, kuti chifike chathunthu. Nanunso mukatumize choncho, osajambula sikirini."

"Mundisindikizirenso papepala, chachikulu," anatero a Yohane. "Ena kumpingo kwathu sakhulupirira za m'foni pokhapokha zikhale zoipa."

"Loweruka mudzabwere mudzatijambule," Jenifer anauza Asiya akupukuta maso. "Ndipo mudzasunge zathunthu. Sindikufuna ana anga adzandione ndilibe mphuno."

Makina osindikizira atayamba kulira, a Yohane anatembenukira kwa Mose. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku zikhadabo zakuda zija.

"Mnyamata iwe, ndinakuweruza ndi chithunzi cha utsi. Ndalakwa."

"Malume, musatero."

"Ndatero kale. Loweruka ine ndi amene ndidzavundukule zitenje. Abale ako abweretse abodza ochuluka mmene angafunire, ndidzawakana onse. Koma ndikadzakupeza iwe pansi pa nsalu, sindidzakukana."

Mose anaweramitsa mutu mothokoza.

Jenifer anatambasula dzanja n'kugwira la Mose, pamaso pa malume ake penipeni, zimene mwana wolemekeza akulu sachita. A Yohane anaona. Anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono, maso ali kukhoma.