Nkhope ya Duane pa Makobidi a Apongozi

Lolemba m'mawa, Marlene akuthirira bambo ake khofi, anamva mwamuna wake akukuwa kugalaja ngati waponda msomali. Atathamangirako anapeza Duane ataima chilili pafupi ndi tebulo lake la ntchito, kabudula wogonera ali m'munsi mwa chimimba, chala chikuloza pansi. Pasimenti panali mbwee timasitika tozungulira, tokwinyika, ndipo pa kalikonse panali nkhope ya Duane ikumwetulira. Patebulo, makobidi a juga anali atasanjidwa milumilu yofanana ndendende, mmene amasanjira ogawa makadi m'makasino, koma onse ali mbulanda pakati.

"Waona zimene achita madala ako aja?" anatero Duane. "Ayamba kuyenda usiku."

Makobidiwo sanali a Duane ayi. Anali a bambo a Marlene, a Augie Brancato, amene anakalambira pa ntchito yogawa makadi mu kasino ya Golden Magpie muno mumzinda wa Reno. Kasinoyo itapsa, eni ake analamula kuti makobidi otsala akakwiriridwe mu simenti, koma bwana wina anawapatsa a Augie bokosi limodzi ngati chikumbutso. Anali makobidi a dongo, olemera bwino m'manja, okhala ndi kambalame kakuda pakati. Anthu otolera zinthu zotere ankabwera mpaka pakhomo kudzapempha kuti angogula ngakhale limodzi, a Augie n'kumawabweza. Sitiroko itawapha dzanja lamanja, chimene chinawatsalira chinali kukhala pawindo n'kumasakaniza milu iwiri ya makobidi ndi dzanja lamanzere, tsiku lonse, tcherrr, tcherrr.

Ndiye kunabwera Duane ndi nzeru zake. Ati akawatsuke ndi kuwadzoza mafuta kuti awale. Anawatengera kugalaja, n'kuwaika m'makina opalira limodzilimodzi, n'kupala kambalame konse kaja mpaka dongo kuonekera. Pamalopo anamata masitika ake oitanitsa, okhala ndi nkhope yake atavala chisoti chachifumu, kuti anzake osewera nawo makadi Loweruka azimutama. Otolera makobidi ntchito imeneyi amaitcha kupha khobidi, ndipo sanalakwitse. Apongozi akewo Duane anawagulira timakobidi tina tapulasitiki ta m'sitolo. A Augie anangotinyamula kamodzi, kumva kupepuka kwake, n'kutikankhira kumbali. Zonsezi m'nyumba ya eni ake! Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo, koma wa Duane unali utafika kale kuchipinda.

"Bambo anga sangafike kuno okha," Marlene anatero. "Masitepe awa angatsike bwanji?"

"Ndiye wasenda ndani? Mphaka? Ona kasanjidweko. Ine ndimasanja choncho? Muno muli makina akuthwa, Marlene. Tsiku lina tidzatola zala pansi. Ndayimba kale ku nyumba ya okalamba ija ya ku Sparks, mayi wina abwera sabata yamawa kudzawaona. Akapeza kuti akuyenda usiku, malo alipo."

Nyumba imeneyo Marlene ankaidziwa, anakaonako mnzake wa mayi ake. Anthu ankakhala m'mipando yamatayala kuyang'ana khoma, ndipo mnzake wa mayi ake uja sanathe chaka. Bambo ake kuwachotsa pawindo lawo kunali kuwakumbira manda.

Madzulo Duane anamatanso masitika ena, chifukwa anali nawo mapepala ambirimbiri a nkhope yake. Usiku umenewo Marlene sanagone. Iye ndi mwamuna wake anasiya kale kugona chipinda chimodzi chifukwa cha mkonono, ndipo kuseri kwa khoma makina othandiza Duane kupuma ankangoti fuu, fuu, mosalekeza. Kunja mphepo ya m'mapiri inkakankha mpanda wamatabwa, sitima yakatundu inalira kutali n'kupita. Kenako, nyumba yonse itati zii, kunamveka kubuula. Kunali kubuula kwapansipansi, kotalika, kosapuma mpweya ngati kwa munthu, kochokera mbali ya galaja. Kunasiya. Kunamveka kukanda, khwe, khwe, ngati chikhadabo pa mbale, kenako khobidi likugwera pa linzake. Kubuula kuja kunayambanso.

Marlene, mayi wamkulu, wa zidzukulu kale, anafunda bulangete mpaka kumutu. Sichinali chiwanda chimene ankaopa poyamba. Ankaopa kutsegula chitseko n'kupeza bambo ake ali chogwada mumdima, akubuula, akusenda nkhope ya mkamwini ndi dzanja limodzi.

Kutacha, masitika anali pansi kachiwiri. Ndipo pakhomo la galaja panali masilipasi a a Augie, ali ndi fumbi lofiira la dongo lopalidwa lija. Duane anawanyamula ndi zala ziwiri n'kukawaika patebulo lodyera, pambali pa mazira a apongozi ake.

"Madala, mwayendanso," anatero mokweza, mmene amayankhulira anthu opusa kwa okalamba. "MWA-YE-NDA-NSO. Mukukumbuka?"

A Augie anayang'ana masilipasi, n'kuyang'ana zikhadabo zawo nthawi yaitali. Mazira aja sanawadye.

Zinapitirira choncho, usiku wina bata, usiku wina kubuula. Loweruka anzake a Duane anabwera ndi mowa wawo ndi mapiko a nkhuku, n'kudzazana m'khitchini momwe tebulo silinkawakwana. Amuna akuluakulu, imvi mbuu, kutaya madzulo onse akutama timasitika! Nkhani ya usiku itatuluka, wina wotchedwa Boyd, wogulitsa matayala, anatsitsa mawu.

"Aise, iwe wapha makobidi a Magpie? Sunamve? Amati pa moto uja munafera mayi wosinthitsa makobidi, anatsekeredwa m'kachipinda kake kazitsulo. N'chifukwa chake anawakwirira mu simenti. Mlamu wanga ankadziwa munthu amene anali ndi limodzi lokha, amati usiku linkatentha m'thumba."

"Za ziii," anatero Duane, akuseka. "Chiwanda changa ine chimavala masilipasi."

Onse anafa nacho chiseko. Marlene anatsonya ali kusinki, n'kumenyetsa mbale. Bodza la Boyd linali lodziwika m'tauni monse, munthu woti akakupatsa moni umayamba wayang'ana kunja ngati kwachadi. Komabe usiku umenewo, kubuula kutayamba, anamuganiza mayi wa m'kachipinda kazitsulo uja, ndipo tsitsi linamuima.

Usiku woti mawa lake mayi wa ku Sparks abwera, Marlene anadikira kuti chitseko cha Duane chitsekedwe, n'kunyamula bulangete mwakachetechete kupita kuchipinda cha bambo ake. Anakhala pampando wa pawindo. Anali atatsimikiza mtima kuti akadzuka awagwira mkono, awabwezere pabedi, ndipo mawa akana kwamtuwagalu kuti sanaonepo chilichonse. M'chipindamo munkanunkha mafuta opaka ndi zovala zakale. Kuwala kwa getsi la mumsewu kunkalowa pang'ono m'mphepete mwa katani, kokwanira kuonetsa mapazi a bedi basi. Anamvetsera kupuma kwa bambo ake mpaka tulo tinamuba.

Chinamudzutsa chinali kubuula. Kunkamveka bwino kuno, kukudutsa m'khoma ndi pansi pomwe. Anatambasula dzanja mumdima, n'kukhudza bulangete, kenako bondo, kenako dzanja lakufa lija lozizira. Bambo ake anali pabedi. Maso awo anali tong'o kuyang'ana kudenga.

"Marlene," ananong'ona. "Ukumva?"

"Ndikumva, ababa."

"Ndine ameneyo?"

"Muli pano, ababa. Ndakugwirani."

"Eya," anatero pang'onopang'ono. "Koma kodi ndili kuno kokha?"

Mawu amenewa anamulasa kuposa kubuula konse. Anadzuka osayatsa getsi. Ngati si bambo ake, ndiye chinali chiyani? Pakhonde la m'kati munali mdima wandiweyani. Anadutsa chitseko cha Duane, makina aja akupitiriza fuu, fuu. Anadutsa khitchini akupapasa khoma, natola chiwaya chachitsulo pachitofu. Pansi pa chitseko cha galaja pankatuluka kamzere ka kuwala kofooka, ndipo chithunzithunzi chinkadutsa pakamzerepo, kupita, kubwera. Kubuula kunasiya. Khwe, khwe. Khobidi linagwera pa linzake. Marlene anagwira chotsegulira, n'kukankha chitseko ndi phewa.

Abale inu, chiwanda chake! Duane anali chowerama pa tebulo, tochi ili kukamwa, chowumitsira tsitsi cha Marlene chili m'dzanja, atachikulunga thaulo kuti chisamveke, ndipo n'chimene chinkabuula chija. Zomatira za masitika amenewa sizitheka kusenda zili zozizira, uyenera kuzitenthetsa kaye, ndipo ntchitoyo imafuna manja awiri amoyo. Kumapazi anali atavala masilipasi a apongozi ake, zidendene zikulendewera kunja, akuwapukutitsa m'fumbi la dongo.

Tochi inagwa kukamwa.

"Marlene. Ine ndimango... ndinamva phokoso, ndiye ndimati ndione."

"Mumaona ndi chowumitsira tsitsi changa?"

"Tamvera kaye, usakuwe." Anavula silipasi imodzi n'kuibisa kumbuyo, ngati mwana wogwidwa ndi shuga. "N'zowathandiza iwo omwe. Kumene kuja kuli manesi usana ndi usiku. Iwe watopa, ndimakuona ine. Komanso chipinda chawo chija chikungowonongeka, ndi chachikulu kuposa zonse, tebulo lenileni la makadi lingakwanemo ndi mipando yomwe. Anyamata aja tikupanikizana m'khitchini ngati..."

Sanamalize. Marlene anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka kuphazi la silipasi imodzi, ndipo mkwiyo sunabwere n'komwe, kunangobwera nseru. Uyu ndiye munthu amene anamuchapira, kumuphikira, kumuberekera ana. Masiku onsewa ankadzuka pakati pa usiku, kusiya makina akupumira pilo, kudzasenda nkhope yake yomwe, kuti nkhalamba yofa dzanja ichotsedwe m'nyumba yake yake chifukwa cha tebulo.

"Iwe," anatero, ndipo chikwatirane anali asanamutchulepo choncho. "Vula inayo. Tenga makina ako opumira, tenga timapepala tako ta nkhope, uzikasewera kwa Boyd. Makobidi usakhudze. Kukamacha ndisakupeze."

"Kunja kukuzizira, Marlene."

"Vala chisoti chako chachifumu."

Galimoto itatuluka pageti, anabwerera kwa bambo ake n'kuyatsa getsi. Anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atadzivalitsa okha malaya awo oyera a kuntchito, mabatani atapita mosemphana, kachikwama kali pamwendo. Anagwada patsogolo pawo n'kuwafotokozera zonse, za chowumitsira tsitsi, za masilipasi, za tebulo. Iwo anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, mmene ankamverera madandaulo a anthu oluza.

"Ndiwe mwana wabwino," anatero. "Koma usamunamizire mwamuna wako chifukwa cha ine. Iwe ukapita kuntchito amakhala nane pansi, amandiuza zonse zimene ndachita. Tsopano ndayamba kukumbukira pang'ono. Simenti ija imazizira kumapazi."

Mayi wa ku Sparks anabwera m'mawa, Marlene anamubweza ali pakhonde. Duane anayimba foni kangapo, kenako anatuma Boyd kudzatenga makina opalira, ndipo kubuula sikunamvekenso m'nyumbamo. Marlene anabwezera makobidi aja pawindo, ali ambulanda choncho, koma a Augie sanawakhudze, ati angawononge zinthu za eni ake.

Mpaka lero, ikakwana nthawi yogona, amamuitana mwana wawo n'kumupempha kuti awatsekere ndi kiyi kunja. Anayesa kukana, iwo anakhala chikhalire pampando usiku wonse, akuopa kutseka maso. Ndiye amatseka. Amaima pakhonde mumdima, kiyi ali m'manja, n'kumamva mapazi akukhwekhwereza kubwera kuchitseko. Chotsegulira chimagwedezeka pang'onopang'ono, kamodzi, kawiri, kuyesa ngati chagwiradi.

"Zikomo, mwana wanga," amatero bambo ake kuseri kwa chitseko. "Lero sindituluka."